Boti la aluminiyamu silifuna injini ngati ya boti la matabwa

Abambo ena a ku Malembo afunsa kuti mchimwene wawo wawatumizira boti la aluminiyamu la mafiti 14 kuchokera ku Joni, ndiye pali munthu akugulitsa injini ya Yamaha ya mahosipawa 40 (muyezo wa mphamvu ya injini) yogwirapo kale ntchito pamtengo wabwino, agule kapena ayi? Enanso a ku Malombe ali ndi la mafiti 12, akuti agule ya 8 kapena ya 15.

Ndiyambe ndi inu bambo a ku Malembo. Ya 40 imeneyo isiyeni ndithu olo mtengo ukhale wokoma bwanji. Ndikudziwa chomwe chikukukopani, padoko mumaona anzanu ogwiritsa ntchito ukonde wa chilimira atamanga ma 25 ndi ma 40 ndiye mukuona ngati injini yeniyeni ndi imeneyo, koma aja ndi maboti a matabwa, olemera, aatali, onyamula alovi ambiri ndi ukonde wonyowa pamwamba pake. Lanulo ndi lopepuka, anthu ochepa atha kulikokera kumtunda. Injini ya 40 payokha imalemera makilo opitirira 70 pomwe ya 15 siifika ndi 40 komwe, ndiye onjezani inu woyendetsa mwakhala kumbuyo komweko, thanki ya malita 24 ili pamapazi anu, mapeto ake kumbuyo kumatsika mutu wa boti nkudzuka. Mukachepetsa moto mwadzidzidzi funde lomwe mwapanga nokha limakupezani nkulowera kumbuyoko. Ndiye taganizani mwera wa mu June kapena July wakupezani pakati panyanja muli chonchi. Komanso mphamvu ya 40 ija imakankha chitsulo chakumbuyo chomangapo injini mpaka chimayamba kung'aluka m'makona, ma riveti nkumadontha madzi, ndipo owotcherera aluminiyamu sapezeka paliponse ngati amisiri a matabwa.

Musanapite kukagula chilichonse yang'anani kaye mkati mwa botilo chakumbuyo, maboti ambiri opangidwa kufakitale amakhala ndi kachitsulo kapena sitika yolembapo Max HP (malire a mahosipawa a injini imene botilo lingalole), kuchuluka kwa anthu ndi makilo omwe linganyamule. Nambala ya Max HP imeneyo musadutse. Pa boti la mafiti 14 nthawi zambiri imakhala pakati pa 15 ndi 25. Ngati inafufutika yang'anani dzina la kampani ndi modelo yake, mwana wanu akufufuzireni pa intaneti.

Ine ndingakuuzeni kuti gulani ya 15. Mukakhala awiri kapena atatu ndi matchera ndi nsomba zanu ikukankhani bwinobwino, sikuti boti liziuluka ayi koma mukafika ndipo mubwerera. Ya 25 ndingavomere pokhapokha ngati kachitsulo kaja kakulola komanso mumapita kutali ndi katundu wolemera tsiku ndi tsiku. Nkhani ya petulo nayo musaiwale poti ndi imene imagwetsa asodzi ambiri. Mukatsegula moto wonse, two stroke (injini yosakaniza oyilo ndi petulo) ya 15 imamwa malita 7 kapena 8 pa ola, ya 25 cha m'ma 11, ya 40 pafupifupi 20. Ndi mmene nsomba zikusowera masiku ano, malita 20 pa ola abwezedwa ndi utaka wochuluka bwanji? Makaniko a kuno anaizoloweranso Yamaha Enduro 15, mapulagi, impela (kopopera madzi oziziritsa injini) ndi zipangizo zina sizivuta kwambiri kupeza, ndipo madzulo munthu mmodzi wamphamvu atha kuimasula nkukaisunga kunyumba, akuba injini padoko alipo.

Koma musatembenukenso nkukagula kakang'ono kwambiri kuti musunge ndalama. Ka 4 kapena 5 pa boti la mafiti 14 kunyanja yaikulu ayi. Aluminiyamu poti ndi yopepuka mphepo imaikankha mosavuta, ndiye mphepo ikakutembenukirani mukufunika mphamvu yoti mutu wa boti uziyang'anabe kumafunde, kainjini kochepa kamangolira muli pamodzimodzi, ndipo poti kakugwira ntchito pa moto wonse nthawi zonse sikachedwa kutha.

Inu a ku Malombe, ya 8 kapena 9.9 ikukwanirani pa mafiti 12. Ya 15 pokhapokha ngati botilo linalembedwa kuti lingathe. Nyanja yanu ndi yosaya, malo ambiri ndi mamita awiri kapena atatu basi, ndiye vuto lanu lenileni ndi matope ndi udzu. Mukamayandikira kumtunda kwezani mwendo wa injini (mbali yolowa m'madzi ija), ndipo diso lanu lizikhala pa kamadzi koziziritsa injini kamene kamatuluka pambali paja, kakasiya zimitsani pompo, injini ikutentha.

Tsopano ichi chimene ambiri safunsa nkomwe, kutalika kwa mwendo. Pali short shaft (mwendo waufupi) ndi long shaft (mwendo wautali). Tengani tepi muyeze kumbuyo kwa boti, pakatikati, kuchokera pamwamba pokhazika injini kufika pansi penipeni pa boti. Mukapeza ma inchi 15, omwe ndi masentimita 38, mukufuna short. Mukapeza ma inchi 20, cha m'ma sentimita 51, mukufuna long. Injini zambiri zimene zimagulitsidwa m'madoko muno ndi za long poti zinachoka pa maboti a matabwa, pomwe timaboti tambiri ta aluminiyamu timafuna short, ndiye musangonyamula. Long pa boti lofuna short imalowa pansi kwambiri, imakoka madzi, imadya petulo ndipo pulopela imagunda miyala ndi mchenga. Short pa boti lofuna long pulopela imatulukira pamwamba funde likabwera, injini nkumalira mopanda kukankha. Chitsulo chafulati chimene chili pamwamba pa pulopela chizikhala pafupifupi mulingo umodzi ndi pansi pa boti.

Ngati mukugula yogwirapo kale ntchito musalipire mutangoimva ikulira mu mgolo. Muuzeni mwini wake muimange pa boti lanulo, mukwere ndi anthu amene mumapita nawo, katundu wolemera mumusunthire pakati, muyende ndithu kwa kanthawi. Mumasulenso kabawuti ka oyilo wa giya kumunsi kwa mwendo, akatuluka woyera ngati mkaka ndiye kuti madzi akulowa, mtengo utsike kapena muisiye. Oyilo wosakaniza ndi petulo tsatirani buku la injiniyo, zambiri ndi 50 kwa 1, kutanthauza mamililita 400 a oyilo wa two stroke wa injini za m'madzi pa malita 20 a petulo. Ndipo olo injini ikhale yatsopano, nkhafi ziwiri, chokapira madzi ndi ma life jacket a aliyense zizikhala m'botimo ulendo uliwonse.