Funsani Makaniko: Girisi Wanji pa Mano a Shafiti?

FUNSO

Bambo Makaniko,

Ndine mphunzitsi kuno ku Mchinji. Chaka chatha ndinagula njinga yamoto ya Honda Deauville, ya 650, kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Njingayi ilibe tcheni, imayendera shafiti, ndipo n'chimene ndinaikondera poti ndinatopa n'kukunga tcheni pa njinga yanga yakale. Sabata yatha ndinakasinthitsa tayala lakumbuyo. Mnyamata wa pagalaja atazula wilo, tinapeza timano tija tolumikiza wilo ndi giya tili gwa kuuma, titakutidwa ndi fumbi lofiira ngati katondo. Iye anangopukuta n'kupakapo girisi wa mabeyaring'i, amvekere girisi ndi girisi basi. Mnzanga wina akuti tikanaika wakuda uja wa ma CV joint (mfundo zolumikiza shafiti ndi mawilo) a galimoto, winanso akuti wa kopa. Mtima wanga sukukhazikika. Ndiikepo chiyani, nanga ndikachipeza kuti?

Wowerenga wathu, Mchinji

YANKHO

Aphunzitsi, mwachita bwino kulemba msanga. Fumbi lofiira munaonalo si katondo wa mumsewu ayi. Ndi chitsulo cha mano omwewo. Mano akauma amakhulana okhaokha, timaphulusa tachitsulo timagwa, mpweya ukatikhudza timachita dzimbiri n'kufiira. Mukaona fumbi limeneli dziwani kuti mano ayamba kale kudyeka.

Timano timeneti, timene m'mabuku a njinga amati splines, timagwira ntchito yosiyana ndi ya beyaring'i. Mu beyaring'i timipira timazungulira, ndipo pozungulirapo timakoka girisi kumubwezera pamene akufunika. Pa mano a shafiti palibe chozungulira pakati pa zitsulo ziwirizo. Dzino limakanikiza linzake ndi mphamvu yonse ya injini, ndipo nthawi iliyonse mukaponda giya, mukachotsa moto, kapena wilo ikagwera m'dzenje, manowo amasuntha pang'ono kwambiri, kusuntha kosaoneka ndi maso. Girisi wamba ndi oyilo wosungidwa m'zinthu zonga sopo. Akapanikizidwa chonchi amafinyika n'kuthawira m'mbali, kenaka kuzungulira kwa wilo kumamutaya kunja. Pakapita miyezi, chitsulo chimatsala chikukhudzana ndi chitsulo. N'chifukwa chake mawu a mnyamata uja akuti girisi ndi girisi sindingawavomereze, ngakhale ndikudziwa kuti sanachite mwa nkhanza. Njinga zimene amakonza tsiku ndi tsiku ndi za kabaza, zonse za tcheni, ndiye mano otere sakumana nawo.

Chofunika pamenepa ndi chinthu chimene sichithawa chikapanikizidwa. Dzina lake ndi molybdenum disulfide, amakaniko timangoti moly. Ndi ufa wakuda wochokera m'miyala ya kumigodi, ndipo timbewu take n'tosanjikizana ngati masamba a kope, tsamba lililonse likutsetsereka pa linzake. Ufa umenewu umamatirira pa chitsulo. Oyilo yense atatha, iwo umatsalabe pa dzino ngati chikopa chopyapyala, ndipo mano amatsetsereka pa chikopacho m'malo modyana.

Tsono apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, ndipo ndikupemphani muwerenge mofatsa. Mabuku okonzera njinga za Honda za shafiti amatchula mitundu iwiri ya moly. Woyamba ndi girisi wokhala ndi moly woposa magawo 3 pa 100 alionse. Wachiwiri ndi phala lolimba, limene pa chitini amalemba kuti paste, lokhala ndi moly woposa magawo 40 pa 100 alionse. Girisi wa magawo 3 uja amaikidwa pa mano a shafiti yeniyeni, m'kati mwa mkono umene umagwira wilo. Koma pa mano amene inu munaona, olumikiza wilo ndi giya yakumbuyo, buku limafuna phala la magawo 40 kupita m'mwamba. Zonse ziwiri n'zakuda bii, ndipo pa chala simungazisiyanitse msanga. Girisi wa CV joint amene mnzanu akunena ali m'gulu loyambalo, moly wake amakhala wa magawo 3 mpaka 5. Choncho mnzanuyo sanalakwitsiretu, kungoti girisi wakeyo ndi wa malo ena. Musagule potengera mtundu. Tembenuzani chitini muwerenge kuchuluka kwa moly, ndipo ngati sanalembe nambala, mutengeni ngati wa magawo ochepa.

Mayina oti mufunse ndi awa. Kampani ya Honda inkagulitsa Moly 60, wa magawo 60, koma inasiya kupanga n'kubweretsa wina wotchedwa M-77. Mabuku awo amatchulanso Molykote G-n Paste ndi phala la Rocol. Palinso Loctite LB 8012, wa magawo 65. Aliyense mwa amenewa agwira ntchito pa Deauville yanu.

Wa kopa uja musiyeni. Ntchito yake ndi yoti mabawuti a pa ekizozi ndi malo ena otentha asagwirane, kuti tsiku lomasula asavute. Sanapangidwire zitsulo zimene zimakhulana zitanyamula katundu tsiku lonse.

Nkhani imeneyi ndimaitenga ndi mtima wonse chifukwa cha njinga ina imene inafika pagalaja panga itakwezedwa pa lole, Honda ST1100, ija amati Pan European. Mwini wake, bambo wachikulire woisamala kwabasi, anati inangolira pokwera chitunda, injini ikubangula koma wilo osayenda. Titazula wilo tinapeza mano onse ataperepeseka, pasalala ngati sipanakhalepo dzino. Mbali ya kuwilo ndi chitsulo chongomasula n'kuika china, mtengo wake ndi wopiririka. Koma mano a mbali inayo ali pa giya yaikulu ya m'kati mwa bokosi lakumbuyo, ndipo amenewo akatha mumafunika bokosi lonse kapena kuliphwasula n'kuliyezanso mwaluso. Njinga ija inakhala pakona miyezi 7 tikudikira chitsulo kuchokera kunja. Bambo aja ankasintha oyilo pa nthawi yake, ankatsuka njinga Loweruka lililonse. Chimene sanauzidwe ndi kachubu kamodzi ka phala.

Pitaninso pagalaja paja, wilo izulidwe inu mulipo. Girisi wa mabeyaring'i achotsedwe yense, pamodzi ndi fumbi lofiira lija. Palafini ndi mswachi wakale zikwanira. Mutsuke mbali zonse ziwiri, ya kuwilo ndi ya kugiya, mpaka kansalu koyera kakatuluka koyera. Osafulumira pamenepa, chifukwa girisi wosakanikirana ndi fumbi amachita ngati mchenga wokwechera mapoto. Pakauma, yang'anitsitsani mano ndi tochi. Dzino labwino limakhala ndi msonga yophwatalala ndipo mbali zake n'zofanana. Lakutha limaonda mbali imodzi, msonga n'kusongoka ngati dzino la sowo. Mukapeza osongoka, phala silingabwezere chitsulo chimene chinapita, yambani kusaka china. Onaninso timalabala tozungulira ta pamenepo, ma O-ring. Ndi timene timatsekera phala m'kati n'kutchinga fumbi ndi madzi, ndiye tikauma kapena kuduka tisinthidwe.

Popaka musadzaze ngati mukumata nyumba. Tengani kaburashi kakang'ono, mulowetse phala m'ngalande iliyonse ya mano, paliponse pade koma mopyapyala. Lochuluka limangotayikira pa wilo, ndipo likafika pa mabuleki mwaputa vuto lina loopsa kuposa loyambali. Valani zovala zogwirira ntchito, moly akadetsa malaya sachoka. Pobwezera wilo, bawuti ya ekiselo imangidwe pa mlingo umene buku likunena. Chitani zimenezi nthawi iliyonse pamene wilo yazulidwa. Ndi misewu yathu ya fumbi m'chilimwe ndi madzi odikha m'dzinja, ine ndimati kamodzi pa chaka ngakhale tayala lisanathe.

Za kopeza, m'mashopu a zipangizo za kabaza musataye nthawi. Mukapita ku Lilongwe funsani m'mashopu ogulitsa mabeyaring'i ndi zipangizo za makina a m'mafakitale, mutalemba mayina aja papepala. Zikakanika, tumani m'bale wochokera ku Joni, kachubu kake n'kakang'ono koti kalowa m'thumba la jekete, ndipo kamodzi kakufikitsani zaka zingapo. Podikirapo, chotsani wa mabeyaring'i muike wa CV joint, ndi wabwinoko. Koma phala likangofika muzulenso wilo, musadikire tayala lina.

FUNSO

Bambo Makaniko, ndimagwira ntchito ku Johannesburg ndipo ndili ndi BMW R1200GS ya 2008. Ndikuganiza zobwera nayo kumudzi pa Khirisimasi. Anzanga akuti mano a shafiti amachita dzimbiri. Kodi phala la Honda lingagwire pa BMW?

Wowerenga wathu, Johannesburg

YANKHO

Achimwene, ambiri amapaka phala la moly pa BMW ndipo limawagwirira ntchito, koma poti muli kumene zinthu zimapezeka, gulani chimene buku la njinga yanu limatchula: Optimoly TA pa mano, ndi Staburags NBU 30 PTM pa milomo ya labala wophimba shafiti. Pa GS mdani wamkulu ndi madzi. Labala uja akang'ambika kapena akapanda kukhala bwino, madzi amalowa n'kukhazikika m'kati, mano n'kugwirana ndi dzimbiri mpaka kukana kutsetsereka. Ulendo wanu ndi wa m'dzinja, ndipo njira ya ku Tete kudzalowera pa Mwanza kapena pa Dedza mudzakumana ndi mvula. Musananyamuke, makaniko wodziwa BMW agwetse bokosi lakumbuyo, atsuke mano, apake, aonenso labala ngati alibe ming'alu. Mukafika kuno n'kuwoloka mtsinje madzi n'kufika pa shafiti, mukabwerera akaitsegulenso aone ngati m'kati muli mouma.