Musaike setLevel mu wrapper ya aliyense, ipatseni malo akeake

Achimwene, mwanena kuti timu yanu ili ndi laibulale imodzi yolembera ma log (mizere yonena zimene pulogalamu ikuchita), yomwe ndi wrapper yomangidwa pamwamba pa SLF4J, khomo lolembera ma log mu Java, ndipo ma service onse amadutsira momwemo. Mukufuna kuti vuto likabuka muzitha kutsegula DEBUG, level yolemba zambiri mwatsatanetsatane kuposa INFO, osazimitsa pulogalamu, ndiye mukufunsa ngati kuli bwino kungoonjezera setLevel, yosinthira level ya ma log, mu wrapper imeneyo. Cholinga chanu ndi chabwino kwambiri, koma pamalo pamene mukufuna kuyiikapo ndi pamene sindikugwirizana napo.

SLF4J ilibe setLevel, ndipo sikuti anachita kuiwala. Ceki Gülcü, yemwenso analemba Log4j yoyamba ija ndi Logback, anaikonza kuti izingolandira uthenga. Wosankha zolemba ndi zosiya ndi Logback kapena Log4j2 yomwe ili kuseri. Mu SLF4J 2.0, yomwe inatuluka mu 2022, muli atLevel, ndipo dzinali limasokoneza ambiri, koma iyo imangosankha level ya uthenga umodzi umene mukulembawo, sikhudza zimene logger ikulola kudutsa. Tsono mukaika setLevel pa interface yomwe class iliyonse imagwira, mwapereka mphamvu imeneyo kwa aliyense. Wina adzaitana m'kati mwa code yake pofufuza vuto, n'kuiwala kuchotsa, ndipo disiki ikadzayamba kudzaza mudzavutika kupeza amene anayatsa.

Ine ndingalembe kagawo kapadera, kongosintha ma level basi, ndipo kokhako n'komwe kazidziwa chimene chili kuseri. Pa Logback mumatenga logger kwa LoggerFactory, n'kuichita cast kukhala ch.qos.logback.classic.Logger, apo setLevel ilipo. Pa Log4j2 pali Configurator.setLevel, mumaipatsa dzina la logger ndi level yake. Ngati muli pa Spring Boot musadzivutitse n'kulemba komwe. Actuator, gawo lake loyang'anirira pulogalamu ikamayenda, ili ndi /actuator/loggers, mumangoitsegula mu management.endpoints.web.exposure.include, n'kutumiza POST ku dzina la package ndi configuredLevel. Mukamaliza mumatumiza null, logger ija n'kubwerera kutsata level ya kholo lake. Chonde endpoint imeneyi ikhale yotetezedwa, isafikiridwe ndi munthu wamba.

Palinso njira ya faili: scan="true" mu logback.xml, yomwe imayang'ana kamodzi pa mphindi ngati simunaike scanPeriod, kapena monitorInterval pa Log4j2. Imagwira ntchito, kungoti musaphatikize ndi njira inayo mosaganiza, chifukwa Logback ikawerenganso faili imafufuta zonse zimene munasintha ndi code.

Koma pamene ndikufuna muyang'anitsitse ndi mu wrapper yanuyo. Tsegulani muone ngati wina sanalembe isDebugEnabled n'kusunga yankho lake mu static final boolean poganiza kuti akufulumizitsa zinthu. Zikakhala choncho, mudzasintha level, Actuator idzakuonetsani effectiveLevel ya DEBUG bwinobwino, inu n'kukhala mukuyang'ana tail -f, koma mzere wa DEBUG osatuluka ngakhale umodzi, poti wrapper inafunsa kamodzi pulogalamu ikudzuka ndipo sinafunsenso. Izifunsa nthawi iliyonse, kufunsako n'kotchipa. Chachiwiri chobisa mizere ndi ThresholdFilter pa appender, yomwe imatulutsa uthenga kupita ku faili kapena pa console: ikakhala pa INFO, logger imalola uthenga koma appender n'kuutaya. Ndipo ngati pali mbali ina yomwe ikugwiritsa ntchito java.util.logging, dziwani kuti LogManager imasunga ma logger ndi weak reference, moti mukapanda kusunga reference yanu, garbage collector imatha kuichotsa pamodzi ndi level munaika ija.

Musatsegule DEBUG pa ROOT, kholo la ma logger onse, ayi. Tsegulani package imodzi imene mukuikayikira. Pa ROOT mumadzutsa ma laibulale onse nthawi imodzi, ndipo ena amalemba zinthu zosayenera kukhala mu faili. Mwachitsanzo org.apache.http.wire imalemba zonse zodutsa pa waya, ndi Authorization header yomwe, pomwe Hibernate, laibulale yolankhulira ndi database, pa TRACE (level yolemba zambiri kuposa DEBUG) imaonetsa ma value enieni opita mu database. Izi ndi zinsinsi za anthu amene anakukhulupirirani, ndipo zikalowa mu ma log kuzichotsa n'kovuta.

N'chifukwa chake kagawo kajaka ndingakapatse nthawi yothera. Wosintha level azinena kuti ndi kwa mphindi zingati, nthawiyo ikakwana level izibwerera yokha, ndipo kusinthako kuzilembedwa pa INFO ndi dzina la wosintha. Munthu amene akuzimitsa moto pakati pa usiku sakumbukira kubwezeretsa, si mlandu wake, choncho makina amuthandize.

Kumbukiraninso kuti kusinthaku kumakhudza JVM imodzi yokha, kutanthauza instance imodzi ya pulogalamu yomwe ikuyenda, ndipo kumatha mukachita restart. Ngati muli ndi ma instance angapo kuseri kwa load balancer, muyenera kufikira iliyonse, apo ayi mudzaona zidutswa chabe za nkhani. Pamene vuto likukhudza kasitomala mmodzi, yesani DynamicThresholdFilter ya Logback: mumaika userId mu MDC, momwe mumasunga zizindikiro zoyenda ndi uthenga wa log, n'kulola DEBUG kwa iye yekhayo, ena onse n'kukhalabe pa INFO. Mundiuze ngati kuseri kwanu kuli Logback kapena Log4j2, ndikulembereni kagawoko.