Funsani Azamba: Kung'ambika Pobereka ndi Chisamaliro cha Chilonda

FUNSO: Ndinabereka mwana wanga woyamba masabata asanu apitawo. Ndinang'ambika ndipo anandisoka. Chilonda chikuoneka kuti chapola, koma mpweya woipa umangotuluka wokha, sinditha kuugwira, ndipo kawiri konse ndapeza kabudula wamkati atadetsedwa ndi chimbudzi. Anzanga akuti ndi mmene zimakhalira ukabereka. Kodi n'zoona?
Mayi wa mwana mmodzi

YANKHO: Si zoona, mayi, ndipo musadikire kuti zitha zokha. Bwererani kuchipatala sabata ino, mukanene monga mwatilemberamu, osabisa kanthu.

Pakati pa njira yotulukira mwana ndi kotulukira chimbudzi pali kachigawo kakang'ono ka khungu ndi minofu. Kung'ambika kwake kumagawidwa panayi. Koyamba ndi kwa khungu lokha, ndipo nthawi zina sikufuna n'kusoka komwe. Kwachiwiri kumafika paminofu. Kwachitatu kumadula mnofu wozungulira kotulukira chimbudzi, umene umagwira ntchito ngati chingwe chomangira kukamwa kwa thumba. Kwachinayi kumaboola mpaka mkati mwa njira ya chimbudziyo. Zomwe mukufotokozazi zikuloza kumnofu wozungulirawo.

Vuto lake n'loti mnofu umenewu ukaduka, nsonga zake zimathawira m'mbali n'kubisala. Woyang'ana pamwamba pokha, makamaka pamalo opanda kuwala kokwanira komanso magazi akutuluka, amaona ngati n'kung'ambika kwachiwiri. Amasoka khungu bwinobwino, koma pansi pali poduka. N'chifukwa chake mayi aliyense amene wabereka kudzera m'njira yachibadwa amayenera kupimidwa asanasokedwe: mzamba, atapempha chilolezo ndi kuvala magolovesi, amalowetsa chala kotulukira chimbudzi, chala chachikulu chili kunjira ya mwana, n'kumva ngati mnofuwo uli wathunthu. Sizitenga ngakhale mphindi imodzi, koma kulumpha zimenezi kumasiya mayi akuvutika zaka zambiri.

Kung'ambika kwachitatu ndi kwachinayi sikosokera pabedi loberekera. Kumafuna kufiyeta, nyali yowala bwino, jakisoni wapamsana wochititsa dzanzi kuti mnofu ufewe, ndi dokotala amene anaphunzira ntchitoyi. Akatero mayi amapatsidwa mankhwala opha tizilombo, ndi ofewetsa chimbudzi monga lactulose kwa masiku pafupifupi 10, kenako amaonedwanso pakati pa masabata 6 ndi 12. Kwa inu, amene papita kale masabata, adokotala akakupimani kaye. Ena amathandizika ndi mafizo olimbitsa minofu yapansi, ena amafunika opaleshoni yolumikiza mnofuwo. Ngati chimbudzi chikutulukira kunjira ya mwana, nenaninso, chifukwa imeneyo ndi fisitula, bowo lolumikiza njira ziwirizi, ndipo nayonso imakonzeka.

FUNSO: Anandisoka masiku atatu apitawo. Ndikuopa kupita kuchimbudzi kuti ulusi ungaduke, moti ndachepetsa kudya. Ndisamale bwanji chilondachi?
Mayi wamantha

YANKHO: Ulusi suduka chifukwa chopita kuchimbudzi. Chimene chingakupwetekeni ndi kudzimbidwa, ndipo kudzimana chakudya n'kumene kukuitana kudzimbidwako. Idyani masamba ndi zipatso, imwani madzi okwana malita awiri patsiku. Pochita chimbudzi, pindani kansalu koyera kapena padi, mugwirizize pachilonda ndi dzanja, ndipo musadzikakamize kukankha. Podzipukuta yambirani kutsogolo kupita kumbuyo.

Tsukani pamalopo ndi madzi oyera okha, kawiri patsiku komanso mukachoka kuchimbudzi. Umitsani mochita kugunditsa nsalu, osakhula. Sinthani padi maola anayi aliwonse, mutasamba m'manja musanayambe ndi mukamaliza. Mkodzo ukamaluma, thirani madzi ofunda pamalopo uku mukukodza. Musapakepo mafuta, paudala kapena mankhwala alionse amene achipatala sanakupatseni, ngakhale wokupatsaniyo akhale wokufunirani zabwino. Paracetamol ndi ibuprofen savuta kwa mayi woyamwitsa. Mankhwala okhala ndi codeine apeweni. M'masiku oyambirirawa ayezi wokulunga m'nsalu, kwa mphindi 10 mpaka 20, amachepetsa kutupa, koma asakhudze khungu mwachindunji.

Ulusi wake ndi wosungunuka wokha. Mukaona tizidutswa take papadi pakatha sabata imodzi kapena awiri, musadabwe. Chodabwitsa ndi ichi: ululu womwe ukukulirakulira m'malo mochepa, fungo loipa, mafinya, kutentha thupi, chilonda kutseguka, kapena chotupa cholimba chopweteka kwambiri, chomwe nthawi zambiri chimakhala magazi oundana mkati. Chimodzi mwa izi chikaoneka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

FUNSO: Ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Kodi ndipemphe kuti adzandiwonjezere njira kuti ndisang'ambike?
Woyembekezera

YANKHO: Ayi. Kuwonjezera njira n'kudula ndithu, ndipo bungwe la World Health Organization sililimbikitsa kuti kuzichitika kwa mayi aliyense. Kumafunika pamene mwana watopa ndipo ayenera kutuluka msanga, kapena pomukoka ndi zida. Zikatero lumo liloze cham'mbali, madigiri 60 kuchoka pamzere wapakati, mutu wa mwana utaonekera pakhomo pa njirayo. Kudula moongoka kumatsetsereka mosavuta mpaka kumnofu wa chimbudzi uja.

Zothandiza zenizeni ndi zina. Kuyambira sabata ya 34 kapena 35 mungathe kumasisita ndi kutanula pamalopo ndi zala zoyera zopaka mafuta opanda fungo, kwa mphindi zisanu mpaka 10, kangapo pasabata. Izi zimathandiza kwambiri pa mimba yoyamba. Pa nthawi yobereka, nsalu yoviika m'madzi ofunda yoikidwa pamalopo imachepetsa kung'ambika kwakukulu. Ndipo mzamba akadzati "siyani kukankha, pumirani m'mwamba," dzamvereni ngakhale thupi likukana. Mutu wotuluka pang'onopang'ono umapatsa minofu mpata wotanuka.

FUNSO: Ndangoyamba kumene uzamba. Amayi ena amene ndawasoka amadandaula kuti ulusi ukuwakoka. Ndikulakwitsa pati?
Mzamba watsopano

YANKHO: Mwina mukumangitsa kwambiri, mnzathu. Minofu imatupa mukamaliza kusoka, ndiye mfundo yomwe inali bwino lero, mawa imadya mnofu. Bayani lignocaine wa 1%, mankhwala ochititsa dzanzi, osapitirira mamililita 20, mudikire agwire, muyese potsina musanayambe. Pezani pomwe chilonda chayambira mkati, muike mfundo yoyamba sentimita imodzi pamwamba pake. Sokani mopitiriza ndi ulusi umodzi wosungunuka msanga, osakhoma, kuyambira mkati, kenako minofu, khungu pomaliza ulusi ukudutsa kunsi kwake. Kasokedwe kameneka sikapweteka ngati ka mfundo imodziimodzi. Pomaliza pimaninso kotulukira chimbudzi kuti ulusi sunaboole kumeneko, ndipo muwerenge timathonje tonse musanamudzutse mayiyo.