Nyukiliya imadula pomanga, osati poyendetsa

Achimwene, pa funso loti magetsi a nyukiliya ndi odula kapena otchipa, ngati mukunena zomanga siteshoni yatsopano, nyukiliya ndi yodula kuposa sola, mphepo kapena gasi. Koma ikakhala yomangidwa kale ndiye magetsi ake amatchipa ndithu, uranium, mwala omwe umayendetsa nyukiliya, sadya ndalama zambiri ndipo makina amayenda usiku ndi usana kwa zaka zambirimbiri.

Ine ndagwirako ntchito yowerengera ndalama za mapulojekiti a magetsi, chimene chimapweteka kwambiri ndi kuchedwa, chiwongoladzanja cha ngongole chimangokwera inu musanagulitse olo yuniti imodzi. Taonani siteshoni ya nyukiliya ya Vogtle ku Georgia, America, ma reactor (makina otulutsa mphamvu ya nyukiliya) awiri amati adzadya madola pafupifupi 14 biliyoni koma anayamba kugwira ntchito 2023 ndi 2024 atapitirira 30 biliyoni, mochedwa zaka 7. Pomwe siteshoni ya nyukiliya ya Koeberg ya kufupi ndi Cape Town, yomwe inayamba 1984, imapatsa Eskom, kampani ya magetsi ya ku South Africa, magetsi otchipa poti zomangira zinalipiridwa kalekale.

Chonde poyerekeza ndi sola musaiwale mabatire a usiku, amakweza mtengo.

Ngati mukufunsira lipoti la kuntchito kapena mukufuna kuikapo ndalama, kaonaneni ndi injiniya wa magetsi kapena katswiri wa zachuma akuwerengereni bwinobwino.