Kodi masiku anayi akwanira kukafika ku Ilha de Moçambique n'kubwerako?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi ena a ku Blantyre. Iwo ndi amuna awo akufuna kutenga ana awiri pamodzi ndi agogo a anawo, omwe kwawo ndi ku Phalombe, kuti akaone nyanja yamchere koyamba. Anamva mbiri ya kachilumba ka Ilha de Moçambique, ndiye akufunsa ngati angapiteko pa galimoto yawo holide ikalumikizana ndi Loweruka ndi Lamulungu.

Mayi, masiku akakhala anayi, nyamukani. Akakhala atatu, ndikupempheni kuti mudikire kaye, chifukwa agogo ndi ana adzangotopera m'galimoto.

Kuchoka ku Blantyre kukafika pachilumbapo ndi pafupifupi makilomita 900. Mumadzera ku Mulanje, kutulukira pachipata cha Muloza n'kulowa ku Milange, kenako Mocuba, Alto Molócuè mpaka Nampula. Kuchoka ku Nampula kwatsala makilomita ngati 180, kudzera ku Namialo ndi Monapo. Lawirirani m'mamawa tsiku loyamba kuti mukagone ku Nampula, m'mawa mwake mumalize kotsalako. Pobwerera chitaninso chimodzimodzi: chokani pachilumba masana a tsiku lachitatu, mugone ku Nampula, lachinayi mufike kunyumba. Usiku musayende. Nthawi ya ku Mozambique ndi yofanana ndi yathu, koma popeza kugombeko ndi kum'mawa kwambiri, m'miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko, pomwe mumsewu muli njinga ndi anthu oyenda pansi ambirimbiri.

Za mapepala ndinene mwachidule. Mmalawi safunika viza pa ulendo waufupi ngati umenewu, koma aliyense, ndi ana omwe, akhale ndi pasipoti. Tengani bulubuku ya galimoto ndi laisensi, ndipo pachipata mudzadula chilolezo cholowetsera galimoto ndi inshuwalansi ya dzikolo, popeza Mozambique sali mu COMESA. Matirayango awiri ndi chovala chonyezimira zisasowe m'galimoto, apolisi a pamsewu amazifunsa. Ndalama yawo ndi metical. Musananyamuke mvetseraninso nkhani, chifukwa mavuto a zigawenga a ku Cabo Delgado nthawi zina amakhudza maboma a kumpoto kwa chigawo cha Nampula. Holide ya Isitala ili ndi masiku anayi okwanira bwino, kungoti imagwa kumapeto kwa nyengo ya anamondwe. Namondwe wotchedwa Gombe, wa mu Malichi 2022, anatulukira m'boma la Mossuril, loyandikana ndi chilumbachi.

Tsopano chomwe mukupitira. Mukadutsa Lumbo mudzaona mlatho wautali makilomita oposa atatu, wopapatiza moti galimoto ziwiri sizingapambane kupatula pa malo ochepa opatukira. Pamenepo tsitsani magalasi kuti agogo amve fungo la madzi amchere. Chilumbacho n'chaching'ono zedi, makilomita atatu okha m'litali, ndipo m'lifupi sichipitirira theka la kilomita. N'chifukwa chake ndikuti tsiku limodzi ndi theka likukwanirani, bola galimoto muiimike, muziyenda wapansi.

Kumpoto kuli nyumba zamiyala za Apwitikizi. Vasco da Gama anafika pano mu 1498, atapeza kale amalonda achiswahili ndi achiarabu, ndipo chilumbachi chinakhala likulu la dzikolo mpaka 1898 pomwe boma linasamukira ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo. Kunsonga kwenikweni kuli linga la São Sebastião lomwe anayamba kumanga mu 1558, ndipo kuseri kwake kuli katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte ka mu 1522, kamene mafunde amamenya m'munsi mwake. Nyumba yofiira ya São Paulo, momwe ankakhala abwanamkubwa, pano ndi malo osungirako zakale. UNESCO inaika chilumbachi pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa mu 1991. Anawo muwauze zoona: minyanga ya njovu ndi akapolo ochokera kumtunda, ena a m'madera a kwathu kuno, ankadzera pagombe limeneli.

Koma mtima wanga uli kummwera kwa chilumba, ku Macuti, komwe kumakhala anthu ambiri m'nyumba zofolera ndi masamba a kokonati. Nyumba zambiri zili m'munsi mwa msewu, chifukwa miyala yomangira mbali inayo inkakumbidwa kumeneko. Alendo ambiri amangodutsa, koma inuyo mukalowemo ndi agogo. Anthu ake amalankhula Chimakhuwa, chomwe ndi pachibale ndi Chilhomwe. Ngati agogo akadali nacho Chilhomwe cha ku Phalombe, asiyeni apereke moni kwa amayi opaka mussiro woyera kumaso, muone okha mawu angati amene angamvane. Ambiri kumeneko ndi Asilamu, choncho valani modzilemekeza, chitenje chikhale pafupi, ndipo pemphani musanajambule munthu.

Pa chakudya, funsani matapa de siri-siri, ndiwo ya zomera za m'mphepete mwa nyanja yotendera kokonati ndi mbewu za kashu. Nthawi ikalola, kwerani ngalawa yathanga kupita ku Ilha de Goa komwe kuli nsanja ya nyali yowongolera zombo, koma pokhapokha mwini ngalawa ali ndi majekete oyandamitsa okwanira ana.

Chomaliza n'chokhudza anawo. Iwo anazolowera nyanja ya Malawi yomwe madzi ake amakhala pomwe munawasiya. Uku madzi amaphwera n'kudzadzanso kawiri pa tsiku, ndipo pomwe mwana akutola zigoba m'mawa pamakhala pakuya masana. Funsani eni malo ogona nthawi yomwe madzi amabwerera, ndipo muwagulire nsapato zapulasitiki zolowa nazo m'madzi chifukwa miyala yake ndi yakuthwa.