Yisiti ikamera m'botolo la magazi, dzina lake lenileni n'lofunika

Achemwali, mwafunsa ngati kulemba "Candida species" n'kokwanira botolo la blood culture (lomeretsera tizilombo ta m'magazi a wodwala) likameretsa yisiti, poti adokotala amapereka fluconazole (mankhwala a matenda a yisiti) basi. N'kosakwanira. Ndipo musanathamangire Candida, tsimikizani kaye kuti ndi Candida n'komwe. Kwathu kuno, mwa odwala omwe HIV yawafooketsa kwambiri chitetezo, yisiti ya m'magazi imatha kukhala Cryptococcus neoformans. Donthezerani India ink muone ngati selo lazunguliridwa ndi kapisozi, yesani urease (enzyme yomwe Cryptococcus imakhala nayo), pemphaninso CrAg (kuyeza kofufuza antigen ya Cryptococcus). Wodwala wa Cryptococcus amafunika kutengedwa madzi a mumsana, ndipo mankhwala ngati caspofungin samuthandiza.

Ikakhala Candida, pangani germ tube, kuona ngati yisiti itulutse kamchira: kachidutswa kochepa ka yisitiyo mu seramu, pa 37°C, maola 2 mpaka 3. Kamchira kakatuluka kosafinyika pomwe kayambira, ndi C. albicans kapena C. dubliniensis. Musaiiwale mu incubator mpaka madzulo, chifukwa C. tropicalis imayamba kutulutsa timichira tina tonyenga maso.

Germ tube ikakana ndi pomwe ntchito imakula. C. krusei simva fluconazole mwachibadwa, C. glabrata nayo kawirikawiri imalimbana ndi mankhwalawa. Wodwala angamwe mankhwala masiku, matenda akungopitirira. Ngati labu yanu ili ndi CHROMagar Candida (agar yomeretserapo yomwe imasiyanitsa ma Candida ndi utoto), utotowo umathandiza: albicans imabiriwira, tropicalis imakhala ya buluu, krusei ya pinki yotambalala ndi youma pamwamba. Ine ndimaona kuti CHROMagar yekhayu ndi woyenera kumulimbikira pa bajeti.

Yovuta kwambiri ndi Candida auris, yomwe inadziwika koyamba ku Japan mu 2009 ndipo yasautsa zipatala za ku South Africa. Imamatirira pa mabedi ndi zipangizo, n'kumadumpha kuchoka kwa wodwala uyu kupita kwa uyo. Zida zina zodziwira mayina a yisiti zinkaiphonya: API 20C inkaitcha Rhodotorula glutinis, VITEK 2 yakale inkaitcha C. haemulonii. Mukaona mayina amenewa pa yisiti ya m'magazi, kayikirani. Yomwe imaidziwa bwino ndi MALDI-TOF (makina ozindikira tizilombo poyeza mapuloteni ake) yokhala ndi database yatsopano, kapena sequencing ya ITS (kuwerenga kachigawo ka DNA ya yisiti), choncho sungani yisiti yomwe mwameretsayo muitumize ku labu yaikulu.

Koma musadikire zonsezi. Gram stain ikangoonetsa yisiti, imbirani ku wodi ola lomwelo. Yisiti m'magazi sitiiwerengera ngati zinyalala za pakhungu, ndipo adokotala angafune kuchotsa central line (kapaipi kolowa mu mtsempha waukulu wa wodwala) lero lomwe.