Inhela ya bulawuni ija musaisiye achemwali

Achemwali mwafunsa kuti bwanji mnyamata wanu wa zaka 13 anampatsa mainhela awiri (mankhwala opopera a mphumu) pomwe ya bulawuni sikumuthandiza akabanika, ndiye mukuganiza zomangompatsa ya buluu basi. Chonde musatero, ndikuyankhani ngati munthu amene ndakula ndi mphumu konkuno ku Ndirande.

Mphumu siyamba tsiku lobanikalo ayi. Timapaipi ta mpweya m'mapapomu timakhala totupa kale ngakhale mwana akumenya mpira bwinobwino. Akapuma fumbi, utsi wa mbaula kaya tizinyenyeswa ta mphemvu, kakhungu ka mkati mwa timapaipi kamatulutsa timauthenga toitana chitetezo cha mthupi, madokotala amati ma cytokine, ndipo oyamba kukuwa ndi TSLP ndi IL-33. Zimakhala ngati mfuu ya wakuba mu msika wa Limbe, mmodzi akangokuwa onse athamangira komweko, wosalakwa yemwe wamenyedwa. Kenako pamabwera ma cytokine ena: IL-4 amauza thupi lipange IgE, puloteni ya chitetezo yozindikira fumbi lija, iyoyo imakamatirira pa maselo a chitetezo otchedwa ma mast cell ndiye fumbi lija likadzabweranso maselowa amakhuthula timadzi totupitsa totchedwa histamine ndi ma leukotriene, minofu yozungulira timapaipi nkufinya. IL-5 yake nkuchulukitsa ma eosinophil, asilikali ena a m'magazi, akadzadzane m'mapapo. Koma amene ndimadana naye ine ndi IL-13, ndi amene amabweretsa makhololo onanda osatuluka aja komanso amasiya timapaipi tosachedwa kudzidzimuka, kachiperoni ka mu June kokha basi mchifuwa mwayamba kulira ngati muli kamphaka, usiku onse kugona chokhala.

Tsono ya buluu ija, salbutamol, imangomasula minofu, mphindi zochepa mwana wapuma koma mfuu ija mkatimo ikupitirirabe. Ya bulawuni, beclomethasone, ndi imene imatontholetsa ma cytokine, kungoti imagwira pang'onopang'ono, pamapita masiku mwina masabata ndiye munthu umaona ngati yachabe. Ine ndinaisiyapo ndili ku sekondale poganiza zomwezo, nyengo yozizira itafika ndinakathera ku chipatala pakati pa usiku mayi anga akulira. Nchifukwa chake mu 2019 a GINA, bungwe lomwe limalemba malangizo a mphumu padziko lonse, anasiya kulimbikitsa salbutamol yekha kwa achinyamata ndi akulu.

Kunja kuli majakisoni otchinga mauthengawa mwachindunji, mepolizumab amagwira IL-5, dupilumab amatseka njira ya IL-4 ndi IL-13, koma ndi a mphumu yovuta kwambiri komanso mtengo wake si wa ife.

Azipopera ya bulawuni tsiku lililonse mmene anauzira adokotala ngakhale ali bwino, akatha achukuche mkamwa nkulavula, koilo ya udzudzu ndi mbaula zisamalowe kuchipinda kwake. Ndipo mukadzaona akulephera kumaliza chiganizo poyankhula kapena ya buluu sikugwira, musadikire kuche, mtengereni ku chipatala cha Queens usiku omwewo.